Mzere wa Miyala wa Amalume a Jailosi

Mwezi uno chaka chakwana chimwalirire amalume anga a Jailosi, ndipo dzulo ndinadzidabwa ndekha. Ndinatuluka kosamba, botolo la mafuta odzola lili pomwepo pawindo, koma dzanja osalitola. Ndinavala, ndinafika mpaka panjira, m'pamene ndinadziyang'ana miyendo, ili mbuu! Ndinadzifunsa kuti iwe Edina, ukutuwira yani? Munthu amene tinkamutuwira uja anagona kale.

Kwathu kuno kwa Kaduya mukakumana ndi munthu wotuwa ngati wagona paphulusa, musafulumire kumuseka. Mpaka lero anthu amanyogodolana kuti, "Bwanji kutuwaku, ulendowu ndi wa kwa a Jailosi?" Achinyamata amaseka nawo osadziwa kumene mawuwa anachokera. Ine ndikudziwa, chifukwa a Jailosiwo anali mlongo wawo wa mayi anga, ndiwo anali mwini mbumba yathu, ndipo ine ndine mmodzi mwa anthu amene anayamba ndi kuwaseka.

Nyumba yawo inali kumapeto kwa munda wathu, kutali ndi msewu, kumene nandolo amathera n'kuyamba tchire. Inali ya dothi lokhalokha, yosapaka penti ngakhale chitseko. Bwalo lonse analizunguliza ndi mzere wa miyala, ndipo mlendo aliyense ankaima pamiyalapo. Pambali pa nyumba anazika nsungwi yaitali, kunsonga kwake n'kumangako kansanza koyera. Asanayankhe moni ankayamba ayang'ana kansanzako kuti adziwe kumene mphepo ikulowera, kenaka n'kukuuza mbali yoti uime, kuti mphepoyo izichoka kwa iwo kupita kwa iwe. Ikatembenuka nkhani ili mkati ankakudula mawu, "Zungulira uko," iwe n'kuzungulira, iwo n'kupitiriza pomwe munalekezera. Akakununkhiza n'kupeza kuti ulibe kanthu m'thupi ndi m'zovala ankangoti, "Oloka." Mawu amenewo tinkawalandira ngati mphatso.

Mphuno yawo inali yoopsa, abale. Tsiku lina ndinapita nditasamba ndi sopo wamtanda wochapira, osadzola, zovala zotsuka ndi phulusa, ndikudzikhulupirira kwabasi. Ndisanafike n'komwe pamiyala ndinangomva, "Edina, wakwera minibasi."

"Ayi amalume, ndabwera wapansi."

"Ndiye unaima pasiteji."

Zinali zoona. Ndinaima kanthawi pa Migowi kupatsana moni ndi mnzanga, minibasi ikulira pambali pathu. Utsi wa dizilo umene ine sindinaumve n'komwe, iwo anaumva m'tsitsi mwanga ndikadali patali. Tsitsi lomwelo linandiima, ndinachita mantha ngati ndaima pamaso pa mlosi. Tsiku limenelo tinacheza ine ndili kunja kwa miyala.

Amene anawadziwa atadwala kale sangakhulupirire kuti munthu yemweyu poyamba ankachita kusamba mankhwala. Anagwira ntchito zaka zambiri kuminda ya tiyi kuseri kwa phiri, ntchito yake yopopera. Atabwerako, chaka chotsatira napolo uja, anagula sipuleya yawoyawo yobereka kumsana, ndipo dera lonse lino linawadziwa. Wa tomato ankawaitana, wa thonje ankawaitana, nawonso ogula mbewu pa Migowi anankafumbwe akalowa m'mashedi mwawo ankathamangira kwa a Jailosi. Anali chimunthu chachitali, mawu ngati ng'oma, akaseka kutsidya kwa msika ankadziwa kuti afika. Mankhwala ankasungunula m'ndowa ndi dzanja, mkono kulowa mpaka m'chigongono. Kamlomo ka sipuleya kakatsekeka sankasaka waya ayi, ankakamasula n'kukauzira ndi pakamwa, kulavula kamodzi, basi ntchito n'kupitirira. Akaweruka ankamwa kapu ya mkaka, ati mkaka umatsuka zonse za m'mimba. Opopera onse ankatero, ndipo ife tinkaona ngati kumeneko ndiko kuidziwa ntchito. Mayi akawadzudzula ankayankha moseka kuti mankhwalawo ndi galu wawo, sangalume mbuyake.

Galuyo anawaluma chaka cha referendamu, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Wogula mbewu wina anali ndi shedi ya malata yodzaza chimanga, ndipo ankafuna kuti yonse ipoperedwe tsiku limodzi. Amalume anatseka zitseko ndi mawindo kuti mphamvu ya mankhwala isathawe, n'kugwira ntchito m'menemo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anawapeza ali gone pamatumba, thovu lili kukamwa. Kuchipatala anagonako masiku anayi, n'kubwerako akuseka, ati imfa yawalawa yapeza kuti ndi owawa. Sabata yotsatira sipuleya inali kumsana.

Chakudza sichiimba ng'oma. Choyamba anali mankhwala omwewo. Akangotsegula botolo mutu unkawang'amba, m'kamwa n'kumamveka ngati aluma chitsulo chadzimbiri, misozi ili chuchuchu. Anapirira nyengo imodzi, yachiwiri anagulitsa sipuleya. Tonse tinapumira m'mwamba kuti basi, munthu wasiyana nacho chomudwalitsa. Ha! Kunali kuyamba chabe. Pasanathe chaka nyale ya palafini inatuluka m'nyumba. Chaka chinacho anasiya kukwera minibasi, poti ankatsikamo ali dzandidzandi ngati woledzera, chonsecho mowa sankaulawa. Kenaka sopo wosambira wonunkhira, kenaka chitenje chatsopano chosachapa, thumba la feteleza, ngakhale nyuzipepala yokulungira usipa. Tchalitchi chathu atachipaka penti, iwo amene ankagwira mawu aakulu m'kwaya anayamba kuimbira panja pawindo. Patapita milungu anasunthira pansi pa mtengo. Pomaliza tinkangomva m'nyimbo kuti pena pake pabooka.

Chimene ndinaona ine n'chakuti chaka chilichonse chowagwetsa chinkachepa, koma masiku ogona ankachuluka. Poyamba pankafunika botolo lotsegula, ndipo mawa lake ankadzuka. Patapita zaka, munthu wodzola kungodutsa kumphepo, iwo masiku awiri ali pamphasa, miyendo ili lobodo, mawu akuwathawa m'mutu mpaka kulephera kutchula dzina la khasu. Iwo ankafotokoza kuti thupi la munthu ndi mtsuko woikidwa pansi pa denga lodontha. Zaka zonse umangolandira dontho ndi dontho mwini wake osadziwa, koma ukadzaza, ngakhale kadontho kamodzi kamatayitsa madzi. Ankati wawo unadzaza m'shedi muja ndipo palibe amene akudziwa poukhuthulira.

Chosokoneza chinali chakuti akakhala milungu ingapo kumunda, kutali ndi anthu, ankalima ngati amuna awiri. Ndiye anthu ankati taonani, wodwala amatero? Kuchipatala anapitako katatu. Magazi anayeza, malungo palibe, chifuwa chachikulu palibe, mphumu ayi. Wina anawauza kuti ndi maganizo. Dokotala wina wachikulire ndiye anawauza zimene anazisunga mpaka imfa. Anati, "Bambo, dzina la matenda anu sindikulipeza, koma sindikunena kuti mukunama. Chimene chikukugwetsani, chithaweni." Ndinadzamva pambuyo pake kuti anthu otere aliko ndithu m'maiko ena, ndipo madokotala okhaokha sanagwirizanebe za chimene chimachitika m'thupi mwawo. Koma nthawi imeneyo kwathu kuno munthu wotero anali mmodzi yekha.

Anathawadi. Anapempha malo kumapeto kwa munda wa mbumba n'kumanga kanyumba kaja. Akazi awo a Esinati, mayi amene ankakonda kuwala moti pamsika ankatembenuza makosi, anasonkhanitsa mafuta awo onse n'kugawira abale awo. Anatuwa zaka khumi ndi zinayi osadandaula pagulu, ngakhale kuti kuseri ankawalalatira amuna awowo kuti anakwatiwa ndi munthu koma akukhala ndi mphuno.

Amene sanamvetse anali mayi anga, a Elube. Mayi ndiwo anali aakulu. Agogo anamwalira amalume ali aang'ono, ndiye mayi ndiwo anawalera, kuwabereka kumsana popita kudimba. Chaka china mayi anapita ku Blantyre kukaona achimwene anga a Baisoni, amene amagwira ntchito kumeneko, n'kubwerako ndi mafuta odzola onunkhira maluwa komanso chitenje chatsopano. Anadzola, anavala, ananyamula buledi kukapatsa mlongo wawo. Ine ndinawaperekeza. Nthawi imeneyo miyala ija kunalibe. Amalume anadzuka akumwetulira, dzanja atatambasula, koma atatsala pang'ono kugwirana chanza anabwerera m'mbuyo, chikhato chili pamphuno.

"Achemwali, imani pomwepo. Chonde."

Pabwalo panali azimayi atatu akuthandiza a Esinati kusenda chinangwa cha makaka. Mipeni yonse inaima. Mayi anaika buledi pansi pang'onopang'ono.

"Jailosi, ine? Ine amene ndinakupukuta mamina ndi nsalu yanga, lero ukundigwirira mphuno pamaso pa anthu?"

"Si inu, achemwali, ndi mafutawo."

"Mafutawo wadzola ndani? Si ine? Basi, tsala ndi mphuno yakoyo."

Anatembenuka osatsanzika, ndipo zaka zitatu sanapondekonso. Sabata yomweyo amalume anatuta miyala kumtsinje n'kuyala mzere uja, ati kuti wina asadzachitenso manyazi amene anachita mlongo wawo. Mayi atamva anati ndi mpanda wotchingira iwowo. Ine, ndinene zoona, ndinali mbali ya mayi. Pamjigo ndinkawatsanzira amalume, kugwira mphuno n'kumabwerera chambuyo ndi ndowa kumutu, azimayi n'kumagwa nako kuseka. Ndikakumbukira zimenezo lero ndimachita manyazi mpaka m'mafupa.

Kuseka kunabala zina. Taganizani munthu wosapita kutchalitchi, wosayatsa nyale, wokhala m'mphepete mwa tchire ndi kansanza pansungwi, pamaliro woima patali ngati wodutsa. Kwathu kuno ungalephere zonse, koma osati maliro. Mawu akuti mfiti sankatchulidwa poyera, komabe anthu anasiya kudzera njira ya kumundako, ndipo wina akadwala m'mudzi maso ankaponyedwa kumeneko.

Chaka chotsatira njala ija, mwezi wa Julaye, mayi anagwa kumunda, ziwalo za mbali imodzi n'kufa. Kuchipatala anatibweza kuti tikawasamalire kunyumba. M'chipinda mwawo munadzaza fungo la mafuta otikitira ndi mankhwala okolopera amene tinagula kuti muzimveka bwino. Tsiku lachitatu amalume anabwera n'kuima pansi pa mtengo wa mango, kunja kwa bwalo. Ndinalowa kukawauza mayi.

"Amayi, amalume abwera."

Lilime linali lolemera, koma mawu ndinawamva. "Alowe."

"Bwanji tikunyamuleni pamphasa mukaonane panja?"

"Alowe."

Ndinakawauza amalume. Anayang'ana chitseko nthawi yaitali, kenaka anayenda. Anaponda pakhomo, anapuma kawiri, mawondo n'kupindika. Anabwerera chokwawa n'kukasanza kuseri kwa khitchini, a Esinati n'kuwatenga atawakoleka paphewa. Mayi anamva zonse ali chigonere ndipo anatembenuzira nkhope kukhoma. M'mawa mwake anatisiya.

A Baisoni anabwera ndi bokosi pagalimoto. Koma linali bokosi, abale! Lonyezimira moti umadzionamo nkhope, zogwirira zake ngati zagolide, vanishi wake asanaume n'komwe bwinobwino. Azimayi amene anabwera nawo kuchokera m'tauni anapopera pefyumu pansalu, m'bokosi ndi m'nyumba monse. Akanaletsa ndani? Umenewo ndiwo ulemu wa masiku ano, ndipo achimwene ankafuna kuti mayi awo apite ngati munthu amene anabereka. Za amalume palibe anaganizako, kapena tinaganizako n'kunena mumtima kuti izo n'zawo.

Mwambo wathu ndi wakuti maliro sanyamuka mwini mbumba asanaime kumutu kwa bokosi, kufotokozera anthu mmene matenda anayendera, kenaka n'kupereka thupi kwa adzukulu okumba manda. Anthu anadzaza bwalo mpaka m'munda, ndipo manong'onong'o anali amodzi okhaokha, akuti lero tiona. Akapanda kubwera, ndiye kuti zimene zinkanenedwa zija n'zoona, ndiye wadya mlongo wake.

M'mawa ndinathamangira kumiyala. Ndinawapeza atakhala pakhonde, nkhope itagwa, maso ali kunsungwi. Kansanza kanali lende, osagwedera ngakhale pang'ono. Mwezi wa chiperoni, mwezi umene mphepo ya kuphiri siipuma, tsiku limenelo kunja kunali zii.

"Kawauze adzukulu andidikire," anatero. "Ikakwana nthawi ya nkhomaliro mphepo imadzuka. Ikadzuka ndidzaima kumene ikuchokera, ndilankhula."

Nditafikitsa uthengawo a Baisoni anaphulika. "Mphepo? Mayi anga agone padzuwa kudikira mphepo? Kawauze kuti akapanda kubwera ndilankhula ndine, ndipo asadzatchulenso kuti ife ndife mbumba yawo."

Mkulu wa adzukulu anati adikira mpaka dzuwa lipendeke pang'ono, osapitirira apo. Tinadikira. Nyimbo zinatha, anazibwereza. Ine maso anali pamasamba a mango, osagwedera ngakhale limodzi. Sindinapemphererepo mphepo m'moyo mwanga, koma tsiku limenelo ndinaipempherera, ngakhale kuti mtima wina unali ukadawakwiyira.

Mphepo sinabwere. Amene anabwera ndi amalume.

Anatulukira m'nandolo atavala jekete lawo lakale lotuwa ndi phulusa, a Esinati ali pambuyo. Nyimbo inazima yokha. Anthu anapatuka, ena mwaulemu, ena mwamantha. Aliyense ankadikira kuona chikhato chikupita pamphuno, koma manja onse awiri anawagwirira kumbuyo. Ine ndinali pafupi ndipo ndinaona zikhadabo za dzanja lina zitalowa m'mnofu wa linzake. Anadutsa pakati pa khamu lonselo, anthu odzola, ovala zatsopano, onunkhira sopo ndi utsi wa galimoto, mpaka anakaima kumutu kwa bokosi, pamene ngakhale ife abwinobwino fungo la vanishi ndi pefyumu linkatikanda pakhosi.

Anayamba bwinobwino ndi mawu awo aakulu aja. Analonjera mafumu, a mpingo, adzukulu ndi onse obwera kudzalira nafe. Anafotokoza mmene mayi anagwera kumunda. Atafika pa za kuchipatala mawu anayamba kuwathawa. Anabwereza chiganizo chimodzi katatu. Milomo inayamba kutupa tikuona, maso kufiira, misozi ndi mamina kutsika osapukuta, mpweya n'kumalira m'chifuwa ngati wezulo. Pamenepo anasiya Chichewa n'kulowa m'Chilomwe, chilankhulo chimene ankalankhulana ndi mayi ali ana. Anamasula manja aja kumbuyo n'kusanjika zikhato zonse ziwiri pabokosi.

"Achemwali, munati ndilowe. Ndalowa. Sindinkathawa inu, ndinkathawa ichi chikundichita panochi. Ndachedwa nacho, koma ndabwera nacho kuti muchione."

Anatembenukira kwa okumba manda, mawu atatsala ngati a mwana. "Adzukulu, nyamulani mayi wanga."

Atatero anagwa, chimunthu chonse chija, pambali pa bokosi. Zikhato zinali zitatuluka zidzolo, ndipo pavanishi panatsala zidindo za manja awiri. Zidindozo zinalowa nawo m'manda.

Woyamba kuwafikira anali a Baisoni. Anawagwira m'khwapa kuti awadzutse, koma a Esinati anakuwa mawu amene sindinawamvepo m'kamwa mwawo. "Chokanipo ndi suti yanuyo! Mukumumaliza!" Achimwene anadziyang'ana, kenaka anavula jekete n'kuliponya pansi, anavula tayi ndi malaya omwe. Bwana wa m'tauni, pamaliro a mayi ake, pamaso pa apongozi ake, anatsala chifuwa chili pamtunda. Anabereka amalume kumsana n'kuthamanga nawo kulowa m'munda, akulira mokweza. Ndaona zambiri pamaliro, koma chonga chimenecho sindinachionenso. Mayi wina amene ankatsogolera miseche ija anakhala pansi pafumbi n'kumangoti, "Ambuye tikhululukireni, munthuyu amadwaladi."

Anagona masiku asanu ndi anayi, ndipo sanabwererenso mwakale. Kuchokera pamenepo ngakhale utsi wa pulasitiki wootchedwa kutsidya kwa mudzi unkawagoneka. Kulima kwa amuna awiri kuja kunatha. Patapita miyezi ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati ankadziwa kuti zidzatero. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa.

"Iwe Edina, ndinauzira kamlomo ka sipuleya zaka makumi awiri chifukwa cha tiyi ndi tomato wa eni ake. Ndikanalephera kupuma vanishi ola limodzi chifukwa cha amayi ako?"

Ndinalira pomwepo, ndipo ndinawaululira za pamjigo zija. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundiuza kuti ndiwatsanzire aone ngati ndinkakhoza. Ndinakana. Anati ndiye kuti sindinkakhoza.

Oyamba kupita kwa amalume ali otuwa anali amayi a kumpingo, Lamulungu lachiwiri chichitikire maliro. Anapangana okha kusamba ndi sopo wamtanda, osadzola, n'kuvala zitenje zakalekale. Anaima pamiyala alipo khumi ndi awiri, miyendo ili mbuu, n'kuyamba nyimbo. Amalume anatuluka atatsamira ndodo, anayang'ana kansanza, anakoka mpweya, n'kunena kuti, "Olokani." Ndime yachiwiri isanathe mawu aakulu aja analowa pansi pa nyimbo, pamalo pake pomwe panabooka paja. Azimayi ena analephera kupitiriza.

Kuyambira pamenepo chinakhala chizolowezi. A Esinati anamanga chingwe kunja kwa miyala n'kuyanikapo zitenje ndi malaya akale oti mlendo asinthire, pansi pake beseni ndi sopo. Nkhani za mbumba yathu, za maukwati ndi za malire a minda, zonse zinkakambidwira m'bwalo limenelo, ankhoswe ali otuwa ngati abusa a ng'ombe. Osaganiza kuti amalume anasanduka munthu wofatsa, ayi ndithu. Akamva kuti wakutiwakuti akupopera tomato chifuwa chili pamtunda ankamuitanitsa, kumuimika kunja kwa miyala dzuwa lili pamutu, n'kumukalipira ngati wakuba. Ankamuuza kuti avale malaya a manja aatali, amange nsalu kukamwa, ayang'ane mphepo, ndipo kamlomo kakatsekeka asake kaminga. Ena ankamva, ena ankati mkuluyu walowa ulaliki. Iwo ankati alibe nazo kanthu, bola mtsuko wa mnzawo uchedwe kudzaza.

Chaka chatha nyengo yozizira chibayo chinawagwira. Kukagona kuwodi anakana, ati fungo la mankhwala okolopera liwapha chibayocho chisanawaphe. Wazaumoyo wa m'dera lathu ankabwera ndi jakisoni panjinga, nayenso ali mbuu, n'kusinthira malaya pachingwe paja ngati wina aliyense. Zinakanika. Anamwalira masana, pamphasa, pakhonde pawo, dzanja lili m'manja mwa a Esinati.

Bokosi lawo a Baisoni anakakhometsa pa Migowi, ndipo anakhala pashedi ya kalipentala tsiku lonse kulondera. Kalipentalayo anadabwa. "Bwana, munthu wa m'tauni ngati inu, bokosi la matabwa osapaka? Anthu akusekani." Achimwene anangoyankha kuti, "Mukangolikhudza ndi bulashi, mugonamo ndinu." Pamaliro palibe amene analengeza lamulo lililonse, ndipo mwini mphuno anali atasiya kununkhiza. Komabe khamu lonse, mafumu, abusa, ogula mbewu a pa Migowi, azimayi a m'tauni omwe aja, linabwera lotuwa. Ndinayang'ana miyendo mazanamazana ili mbuu kuzungulira miyala ija, ndipo ndinadziwa kuti ulemu woposa umenewu sindidzauonanso.

Ndiye dzulo, nditadziona kutuwa panjira paja, sindinabwerere kukadzola. Ndinangotsata kumene miyendo inkapita. A Esinati anabwerera kwawo maliro atatha, ndipo m'nyumbamo simukhala munthu. Denga lagwa mbali imodzi, chiswe chakwera chitseko. Mpando wa amalume ukadali pakhonde, mwendo umodzi utamira m'dothi. Chingwe chija chilipo koma chopanda chovala, ndipo beseni ladzaza masamba a nandolo. Udzu wamera m'bwalo monse, koma miyala palibe wasuntha ngakhale umodzi, chonsecho ndi miyala yabwino ya maziko ndipo anthu akumanga tsiku ndi tsiku. Nsungwi ikadali chiimire. Kansanza kanatha ndi dzuwa, kwangotsala ulusi utatu kapena unayi.

Ndinaima pamiyala n'kuyang'ana ulusiwo. Mphepo inkachokera kumbuyo kwanga kulowera kukhonde, ndiye ndinazungulira mbali inayo mmene ankafunira. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, thupi lopanda mafuta, zovala zopanda fungo, kudikira kuti wina anene kuti oloka. Dzuwa litayamba kundiwotcha ndinabwerera kunyumba osaoloka.